Telesikopu yakale ya kalilole wachitsulo: kuizindikira, kuitsegula ndi kuisamala

Matelesikopu akale a kalilole amene amapezeka lero m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, pa okushoni ndi m'mabokosi a katundu wosiyidwa ndi makolo ku Britain, ku Netherlands ndi ku France, ambiri ndi a zaka za m'ma 1700. Amakhala a bulasi, mkuwa wachikasu uja wosakaniza kopa ndi zinki. Paipi yake ndi yaifupi koma yonenepa, yokhazikidwa pa mzati umodzi wa mapazi atatu opindika. Kalilole wa m'kati mwake si wagalasi ayi, ndi wachitsulo. Amene sakudziwa zimenezi amangotenga nsanza ndi polishi, ndipo m'mphindi khumi amafafaniza ntchito imene yapirira zaka 250. Malangizo otsatirawa ndi a munthu amene chida chotere chafika m'manja mwake, kaya wagula, wapatsidwa kapena wauzidwa kuti achisamale.

Chitsulo cha kalilole

Chitsulochi amachitchula kuti speculum. Amasungunula kopa ndi tini pamodzi, pafupifupi magawo awiri a kopa ku gawo limodzi la tini poyeza kulemera. Isaac Newton, amene anapanga telesikopu ya kalilole yoyamba kugwira ntchito mu 1668, ankasakaniza magawo 6 a kopa, 2 a tini ndi limodzi la aseniki kuti chitsulo chiyere. Amisiri a pambuyo pake aliyense anali ndi kasakanizidwe kake, ndipo nkhaniyi inali yaikulu moti mu 1777 bungwe la asayansi la Royal Society ku London linapatsa John Mudge mendulo ya Copley atalemba poyera kapangidwe ka chitsulochi ndi kapukutidwe kake. Tini akachuluka, chitsulo chimayera bwino koma chimasweka msanga. Akachepa, chimalimba koma chimafiirira ndipo sichichedwa kuda. Chifukwa cha aseniki uja, sambani m'manja mukagwira kalilole wakale, ndipo fumbi lake lisalowe m'kamwa.

Ngakhale ndi chitsulo, sichipindika. Chikagwa kuchoka patebulo chimangoti phwaa, zidutswa zokhazokha. Sichiwalanso kwambiri: chikangopukutidwa kumene chimabweza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kuwala kumene kwachigunda, ndipo poti kuwala kumagunda akalilole awiri a m'paipimo, wamkulu ndi wamng'ono, kusanafike m'diso, kofikako sikukwana theka. Mukaona chithunzi chili chodera, musafulumire kunena kuti telesikopu ndi yowonongeka. Inali yodera kuyambira tsiku limene inatuluka m'shopu.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Pa kalilole wamakono, mawonekedwe okumbika aja ali m'galasi, ndipo chowala ndi kachikuto kopyapyala ka aluminiyamu kamene mungachotse n'kuikanso kena, galasi osasintha. Pa speculum, chowala ndi chokumbika ndi chinthu chimodzi. Nkhope imene yada ndi yomweyo imene mmisiri anaipukuta mpaka kulakwika kwake kunali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10,000 a milimita. Mukakwecha kuti muchotse kudako, mwachotsanso mawonekedwe. Kalilole amatuluka wonyezimira, nkhope yanu n'kumaoneka bwino lomwe, koma nyenyezi sizidzaonekanso ngati kadontho. Akatswiri akale ankadziwa kuti kupukuta kalilole ndi kumupanganso. N'chifukwa chake John Herschel, pamene ankayang'ana thambo la kumwera ali ku Feldhausen, dera la Claremont ku Cape Town, kuyambira 1834 mpaka 1838, anatenga akalilole atatu a telesikopu imodzi: wina akada, amaika wina, iye mwini n'kumapukuta wodayo ndi zida zake. Lord Rosse nayenso anali ndi akalilole awiri a telesikopu yake ya mainchi 72 ya ku Birr, ku Ireland, imene inatha kumangidwa mu 1845. Anthu amenewa ankapukuta chifukwa ankatha kubwezeretsa mawonekedwe. Inu ndi nsanza simungathe.

Dziwani kaye mtundu wake

Onani pamene pali poika diso. Ngati pali pambali pa paipi, pafupi ndi kukamwa kwake, ndi ya mtundu wa Newton: kalilole wamkulu alibe bowo, ndipo wamng'ono ndi wafulati, wopendekeka madigiri 45 kuti aponye kuwala kumbali. Ya Newton mwiniwake inali kakang'ono, kalilole wa mamilimita pafupifupi 33, kokulitsa zinthu pafupifupi ka 40. Zofanizira za kachida kameneka zilipo zambirimbiri, zopangidwa posachedwapa, choncho wina akakuonetsani kapaipi kokhala pa mpira wamtengo n'kunena kuti n'ka m'ma 1600, mungoseka. Mtundu umenewu unakhala chida chodalirika pamene John Hadley anaonetsa ku Royal Society mu 1721 telesikopu ya kalilole wa mainchi 6. Ya Newton yakale imene ingakufikeni mwina ndi ya paipi yamtengo ya mbali zisanu ndi zitatu, ngati zimene William Herschel ankapanga n'kumagulitsa. Ndi yotere, ya fokasi ya mafiti 7 (fokasi ndi mtunda wochoka pa kalilole kufika pamene kuwala kumasonkhana), imene anapezera pulaneti ya Uranus pa 13 March 1781 ku Bath.

Ngati poika diso pali kumbuyo kwenikweni, kalilole wamkulu ali ndi bowo pakati, ndipo mitundu yake ilipo iwiri. Chotsani chivindikiro cha kutsogolo, muunike ndi tochi, kapena muyang'ane kalilole wamng'ono kudzera kumbuyo. Akakhala wokumbika, ndi ya mtundu wa Gregory. Akakhala wotukumuka, ndi ya Cassegrain. Njira yachidule ndi kuyang'ana mtengo kapena denga lakutali masana: ya Gregory imaonetsa zinthu zili chilili, ya Cassegrain imazionetsa chadodolido.

James Gregory wa ku Scotland anasindikiza pulani yake mu 1663, Newton asanapange yake, koma amisiri a ku London analephera kumupangira akalilole oyenera. Pulani ya Laurent Cassegrain wa ku France inatuluka mu 1672. Komabe mwa matelesikopu abulasi a m'ma 1700 amene alipo lero, ochuluka kwambiri ndi a Gregory, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: ogula ambiri anali anthu achuma ofuna kuyang'ana zombo ndi mapiri masana, Mwezi usiku, ndipo chida choonetsa zinthu chilili, cholozetsa komwe munthu wayang'ana, chinkawakomera.

Dzina ndi manambala

Dzina la mmisiri limalembedwa mozokota pa chitsekero cha kumbuyo, mozungulira poika diso. Lotchuka kuposa onse ndi la James Short, wobadwira ku Edinburgh mu 1710, amene anasamukira ku London mu 1738 n'kumwalira mu 1768 atapanga matelesikopu opitirira 1,300. Matelesikopu ake a fokasi ya mafiti 2 ndi amene gulu la woyenda panyanja James Cook linagwiritsa ntchito pachilumba cha Tahiti mu 1769 poyang'ana pulaneti ya Venus ikudutsa pankhope ya Dzuwa. Short ankalemba manambala atatu pafupi ndi dzina lake. Tiyerekeze kuti palembedwa 40/600 = 12. Nambala yapamwamba ikunena kuti iyi ndi ya nambala 40 mwa matelesikopu a saizi imeneyi, yapansi ikunena kuti ndi ya nambala 600 mwa onse amene anapanga, ndipo yotsiriza ndi mtunda wa fokasi ya kalilole wamkulu m'mainchi. Nambala yotsirizayi ndi imene mungaitsimikize ndi manja anu, monga tifotokozera kutsogoloku. Kukula kwa kalilole kuyeneranso kugwirizana nayo: wa fokasi ya mainchi 12 amakhala wa mainchi pafupifupi 3 m'mimba mwake, wa 18 amayandikira mainchi 4, wa 24 amakhala pafupifupi 4.5. Musasokoneze kutalika kwa paipi ndi fokasi. Pa mtundu wa Gregory kalilole wamng'ono amakhala kupitirira fokasi, ndiye paipi imatalika kuposa nambala yolembedwayo.

Mayina ena odziwika ndi George Adams, Edward Nairne, Benjamin Martin ndi Dollond ku London, Passemant ku Paris, ndi Van der Bildt ku Franeker. Dzina palokha si umboni. Ogulitsa ena ankalemba mayina awo pa zida zopangidwa ndi anthu ena, ndipo akuba nzeru ankalemba mayina otchuka molakwika pang'ono, monga Dolland m'malo mwa Dollond. Tengani kagalasi kokulitsa zinthu muone zilembo. Zozokota pamanja zimayamba mopyapyala, n'kunenepa, n'kutha mosongoka, ndipo chilembo chimodzi sichifanana ndendende ndi chinzake. Zodinda kapena zolemba ndi makina zimakhala zozama mofanana paliponse.

Masikuluwu amanena zoona kuposa dzina. Mazinga a muyezo umodzi anayamba ndi Joseph Whitworth mu 1841. Zisanatero, shopu iliyonse inkadula akeake, moti sikuluwu ya bowo lina imakana bowo linzake pa chida chomwecho. Mukapeza sikuluwu ya mutu wa mtanda, dziwani kuti ndi ya m'ma 1930 kapena pambuyo pake. Paipi yakale inkapangidwa popinda chipepala cha bulasi n'kuwotcherera, choncho mzere wa cholumikizira umaoneka m'kati. Kalilole wagalasi wokutidwa siliva pankhope anayamba cha mu 1856 ndi 1857 ndi Steinheil ku Munich ndi Léon Foucault ku Paris. Mukamupeza m'paipi ya m'ma 1700, wina anasintha.

Kutsegula

Ngati palibe chifukwa chenicheni, musatsegule. Ngati chilipo, monga kalilole akugwedera kapena mukuona zobiriwira m'kati, yalani thaulo lokhuthala patebulo lalikulu, valani magolovesi a nitrile, ndipo konzani mapepala olembapo kuti sikuluwu iliyonse ikhale pa dzina la bowo lake. Jambulani ndi foni musanachotse chilichonse.

Chotsani paipi pa mzati wake. Masulani kapaipi koika diso. Kenako goneketsani paipi mopendekeka, kukamwa kuli pansi, kumbuyo kuli m'mwamba pang'ono. Izi n'zofunika chifukwa kalilole wamkulu sanamangidwe ndi sikuluwu iliyonse: kutsogolo amatsamira pa kamkombero ka m'kati mwa paipi, kumbuyo amakankhidwa ndi timasipuling'i, kawirikawiri titatu, tomangidwa ku chitsekero. Mukamasula chitsekero kumbuyo kuli pansi, kalilole amatuluka nacho limodzi n'kugwa.

Chitsekero chikakana, musagwire ndi pulayala. Bulasi wake ndi wopyapyala, paipi imaphwatalala, ndipo mazinga akapindika ndiye kuti basi. Kulungani lamba wa labala kuti dzanja ligwire bwino, muyese pang'onopang'ono, n'kuchotsa lambayo mukatha. Chikakanabe, dontho limodzi la mafuta opepuka pamzere wa mazinga, osati kuthira, ndipo dikirani tsiku lathunthu.

Chitsekero chikachoka, musanakhudze kalilole, fufuzani chizindikiro m'mphepete kapena kumsana kwake. Amisiri ankazunguliza akalilole awiri aja mpaka atapeza pamene zolakwika za wina zikuphimbidwa ndi za mnzake, n'kuika kamzere kosonyeza mbali yoyang'ana m'mwamba. Chikasowa, lembani nokha ndi pensulo kumsana kwa kalilole ndi m'kati mwa paipi. Tsopano ikani chikhatho pakhomo, mutembenuze paipi pang'onopang'ono mpaka kalilole atsetserekere m'dzanja ndi msana wake. Mugwireni m'mphepete. Ndi wolemera kuposa mmene akuonekera.

Kalilole wamng'ono amakhala pa kamkono kotsetsereka m'kanjira ka kutsogolo kwa paipi, ndipo kamkonoko kamayendetsedwa ndi ndodo yaitali ya mazinga yodutsa kunja m'mbali mwa paipi. Ndodo imeneyi ndiyo yosinthira fokasi. Timasikuluwu ta kumsana kwa kalilole wamng'onoyu tisiyeni, chifukwa ndi timene timamulozetsa pakati, ndipo kukonzanso malozedwewo kumadya nthawi.

Pobwezera chitsekero, yambani mwazunguliza chakumanzere mpaka mumve kuti khethe, mazinga agwerana, kenako muzungulize chakumanja. Mangani mpaka timasipuling'i tingogwira kalilole kuti asagwedere, osapitirira.

Kuyeza fokasi

Kalilole ali panja, muimikeni pa nsalu yopinda, wotsamira bwino kuti asagubuduke. Phimbani kukamwa kwa tochi ndi foyilo, mubowole ndi singano. M'chipinda chamdima gwirani tochiyo limodzi ndi khadi loyera pambali pake, zonse zoyang'ana kalilole, muziyandikira kapena kutalikira mpaka kadontho ka kuwala kaoneke kakuthwa pakhadi. Yezani mtunda kuchoka pakhadi kufika pa kalilole, mugawe pawiri. Imeneyo ndiyo fokasi. Wa mainchi 12 adzakupatsani mainchi pafupifupi 24, amene ndi masentimita 61. Zikasiyana kwambiri ndi nambala ya pachitsekero, kalilole ndi chitsekero sizinabadwire limodzi. Musayeze ndi Dzuwa: kalilole ngakhale wakuda amasonkhanitsa kutentha kokwanira kuwotcha pepala ndi diso.

Kuyeretsa

Pa kalilole, fumbi liuluzeni ndi kapampu ka labala ka makamera. Musauzire ndi pakamwa, chifukwa timalovu timasiya madontho amene amadya chitsulo. Chidindo cha chala chatsopano chichotseni tsiku lomwelo: nyowetsani thonje loyera ndi sipiriti woyera wotchedwa isopropyl, wa 99 peresenti, muligubuduze kamodzi pamalopo osakanikiza, mutaye, mutenge lina. Sipiriti wapepo uja ayi, amasiya utoto. Chidindo chakale chinalowa kale m'chitsulo ndipo sichichoka. Kuda kwachikasu kapena kwabulawuni kofalikira nkhope yonse kusiyeni. Mandimu, viniga, phulusa, mankhwala otsukira mano ndi polishi wa m'sitolo zonse zimadya kapena kukanda nkhope.

Ofuna kuona kumwamba mowala ali ndi njira yabwino: kupangitsa akalilole awiri agalasi a miyezo yomweyo kwa mmisiri wa magalasi a telesikopu, kuwaika m'paipi, akale aja n'kuwasunga m'bokosi. Tsiku lililonse mungabwezeretse. Kupukutanso speculum, ngakhale mwaukatswiri, kumachotsa dzanja la amene anamupanga, ndipo kalilole wa Short wopukutidwanso salinso wa Short.

Bulasi wa kunja anapakidwa vanishi wa shellac wothira utoto wachikasu wa zomera, ndipo mtundu wagolide wofatsa uja ndi wa vanishiyo. Osonkhanitsa zinthu zakale amalipira zambiri pa chida chimene vanishi wake alipo, ngakhale wothothoka mwina ndi mwina, kuposa chopukutidwa mbee. Isopropyl imene yathandiza pa kalilole imasungunula shellac nthawi yomweyo, n'chifukwa chake kalilole amayeretsedwa ali kunja kwa paipi. Polishi wa bulasi wamadzi ali ndi mchenga wosalala ndi amoniya: mchengawo umadya vanishi ndi zilembo, amoniya amatha kung'ambitsa bulasi wopyapyala. Chokwanira ndi kupukuta fumbi ndi bulashi yofewa, kuchotsa litsiro lamafuta ndi thonje lonyowa pang'ono ndi white spirit mutayesa kaye pamalo obisika, kenako kupaka phula la microcrystalline mopyapyala kwambiri. Zoyerayera zouma zotsalira m'zilembo ndi polishi wa anthu akale, ndipo zimachoka ndi kamtengo kotokosera m'mano. Paipi ikakhala yokutidwa ndi chikopa, bulashi youma basi.

Ufa wobiriwira motuwa, wofumbutuka, umene umabweranso mukaupukuta, ndi dzimbiri loyamba ndi mchere, ndipo limadya chitsulo mpaka kuboola. Chidacho chiikeni pouma msanga, mupite nacho kwa katswiri wosamala zinthu zakale.

Kuyang'anira kumwamba, ndi zimene zimavuta

M'bokosi mumapezeka kagalasi kakuda kwambiri komangirira poika diso. Kanali koyang'anira Dzuwa. Musakagwiritse ntchito ngakhale kamodzi: kamakhala pamene kutentha kwasonkhana, kamatha kusweka diso lili pomwepo, ndipo kuda kwake sikutsekereza kuwala kosaoneka kumene kumawotcha m'kati mwa diso.

Tulutsani telesikopu panja theka la ola musanayambe, kuti chitsulo chizizire mofanana ndi mpweya. Yambani ndi Mwezi. Zungulizani ndodo ya fokasi mofatsa, ndipo ikalimba musaikakamize, mafuta akale auma m'mazinga. Kuti mudziwe kuti ikukulitsa kangati, ilozetseni kumwamba masana kutali ndi Dzuwa, muyeze kadontho kowala kooneka poika diso, mugawe kukula kwa kalilole ndi kukula kwa kadonthoko. Kalilole wa mamilimita 76 ndi kadontho ka 1.5 ndiye kuti pafupifupi ka 50.

Masana chithunzi chikakhala chotuwa ngati muli nkhungu, musathamangire kunena kalilole. Kumapeto kwa poika diso kumayenera kukhala kachitsekero ka kabowo kakang'ono kwambiri. Ntchito yake ndi kutsekereza kuwala kwa thambo kumene kumalowa molambalala kalilole wamng'ono n'kudutsa pabowo la wamkulu. Kachitsekeroka kakasowa, kapena wina akakulitsa bowolo poganiza kuti akuthandiza, kuwalako kumamiza chithunzi. Nyenyezi ikamaoneka ya nsonga zitatu, timasipuling'i takanikiza kalilole mopitirira: masulani pang'ono. Chithunzi chikamalumpha mukasuntha paipi, tamasuka kwambiri. Nyenyezi ikakhala ndi mchira mbali imodzi ngakhale ili pakati, akalilole sakuyang'anizana: chotsani malenzi, muyang'ane pabowo, muone ngati mikombero yonse ili ndi pakati pamodzi, ndipo yambani mwaona ngati kalilole wamkulu wakhala bwino pa kamkombero kake ndi chizindikiro chili m'mwamba. Fokasi ikakana kufika ngakhale ndodo yatha, kawirikawiri kalilole wamng'ono kapena poika diso ndi za telesikopu ina. Zida zazikulupo zinkagulitsidwa ndi akalilole ang'onoang'ono awiri ndi poika diso pawiri kuti munthu azisintha kakulitsidwe, ndipo pa zaka zonsezi tizidutswati tasochera n'kusakanikirana.

Mukalowa nayo m'nyumba kuchoka kozizira, tsekani zivindikiro zonse muli panja, kuti mame asagwire nkhope ya kalilole. Akagwira, siyani paipi yotsegula m'chipinda chouma mpaka aume okha. Osapukuta.

Kusunga

Adani a speculum ndi chinyezi, mchere ndi salufa. Chinyezi cha m'malo osungira chikhale pansi pa 45 peresenti. Ikani timatumba toyamwa chinyezi ta silica gel m'kabati yotseka bwino pamodzi ndi kachipangizo koyeza chinyezi, ndipo timatumbato muziumitsa mu uvuni tikakhuta. Okhala m'mphepete mwa nyanja yamchere, monga ku Durban kapena ku Cape Town, achite zimenezi mosadumphitsa. Utsi wa malasha, malabala omangira, ubweya wa nkhosa ndi nyuzipepala zisayandikire, chifukwa zimatulutsa salufa kapena asidi amene amadetsa chitsulo.

Bokosi lake lakale ndi mbali ya chidacho ndipo musalitaye, makamaka ngati m'kati mwa chivindikiro muli pepala la shopu kapena malangizo olembedwa pamanja. Koma likakhala la mtengo wa oak, limatulutsa asidi pang'onopang'ono, choncho posunga nthawi yaitali kulungani telesikopu m'pepala lopanda asidi kapena muisunge pambali pa bokosi. Poyenda ulendo wautali, kalilole wamkulu atuluke, aikidwe m'kabokosi kakekake kolimba, nkhope m'mwamba, wogwidwa m'mphepete mokha popanda chokhudza nkhopeyo. Lembani papepala manambala onse a pachitsekero, fokasi imene mwayeza, chimene mwachotsa ndi chimene mwapaka, ndi deti lake, muike m'bokosi. Sikuluwu yothyoka kapena sipuling'i yotha imene mwasintha muiike m'kathumba kolembedwa, ikhale momwemo.